Timalota Dubai, koma ku Salima sitinafikeko

Chaka chikamapita kumapeto, nkhani ya tchuthi imayamba kumveka m'maofesi a mu Lilongwe muno, ndipo kawirikawiri imalowera pafoni. Pa nthawi ya nkhomaliro wina amatulutsa chithunzi cha mchenga woyera wa ku Zanzibar, wina amaonetsa nyumba zosanjikizana za ku Dubai, wina n'kulumbira kuti akadzangozigwira ndalama, phazi lake lidzayamba kuponda ku Cape Town. Tonse timavomereza, timaseka, kenaka aliyense amabwerera pa mpando wake. Tsiku lina ndinafunsa anzanga anayi amene timadyera limodzi nsima kuseri kwa ofesi kuti ndi liti pamene anachokapo pakhomo ndi mabanja awo kwa masiku atatu, ulendo wake usali wa kumaliro, wa ku ukwati, wa kumunda kapena wa msonkhano wa kuntchito. Onse anangoti chete. Patapita kanthawi mmodzi anati mwina mwana wake woyamba asanabadwe, ndipo mwanayo pano ali ku sekondale.

Umphawi ulipo ndipo sindikuukana, koma ndikuona kuti pali chinanso chimene chikutimanga miyendo. Malo amene timawatcha a maloto athu tinawaika kutali kwambiri, mwakuti kulotako kwasanduka chifukwa chosayendera. Munthu amene waika mtima pa Dubai sasunga ndalama ya ulendo wa ku Nkhotakota chifukwa amauona wachabechabe, ndipo ya ku Dubai nayonso saisunga chifukwa pansi pamtima amadziwa kuti siingakwane. Zaka zimangodutsa iye asanapite kulikonse. Ndiye ine ndikuti malotowo tiwasendeze pafupi, tiwapatse tsiku pa kalendala, ndipo tiwasungire ndalama monga mmene timasungira ya feteleza.

Tiyambe ndi masiku, chifukwa ndalama isanafunike pamafunika mpata. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa munthu wolembedwa ntchito masiku a tchuthi osachepera 15 pachaka ngati amagwira masiku asanu pa sabata, ndi osachepera 18 ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi, ndipo malipiro ake sadulidwa. Amenewa ndi milungu itatu yathunthu. Nanga imathera kuti? Awiri amapita ku maliro a asuweni, limodzi ku chinkhoswe, atatu kukabzala mvula yoyamba ikagwa, ena kukakolola, ena kukalondera amisiri omanga nyumba kuti simenti isabedwe, ndipo otsalawo amathera pa mzere wa mafuta a galimoto. Palinso ena amene tchuthi sachitenga n'komwe, poopa kuti akabwerako adzapeza mpando wawo pali wina, kapena poyembekeza kuti abwana adzawasinthira masikuwo ndi ndalama.

Wina anganene kuti kupita kumudzi pa Khirisimasi ndiye tchuthi chathu ife Amalawi, ndipo kuti zina zonsezi n'zotengera azungu. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo ine ndemwe sindingadumphe chaka osakaona manda a bambo anga. Komatu aliyense amene anafikako kumudzi ndi jumbo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira amadziwa zimene zimamudikira: mlandu wa malire a munda, fizi ya mwana wa achemwali, denga la agogo limene likudontha. Kwa amayi a pakhomo ndiye zimaposa, chifukwa amangotsika galimoto n'kumanga chitenje, kulowa m'khitchini ya utsi, kukapopa madzi pa mjigo, ndi kuphikira anthu makumi awiri kwa sabata yonse. Ulendo wa kumudzi ndi udindo wabwino umene sitiyenera kuutaya, koma tisadzinamize kuti munthu amabwerako atapuma.

Ulendo wa kunja uja, tikauwerengera bwinobwino, umatiuza zoona zowawa. Tikiti ya ndege yonyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi imatsatira dola, chipinda chogona kumene mukupitako chimafuna ndalama zakunja, ngakhale botolo la madzi akumwa limafuna ndalama zakunja, pamene malipiro athu amabwera m'makwacha. Kwachayo inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutanthauza kuti munthu amene anayamba kusunga makwacha a ulendo wotere kumayambiriro kwa 2022 anapeza kuti pasanathe zaka ziwiri mtengo wake wawirikiza iye ali pomwepo. Kupeza madola kubanki ndi nkhondo ina, ndipo amene amawagula kwa anyamata a m'misewu amadziwa mmene mtengo wake umasiyanirana ndi wolembedwa pa bolodi. Wofuna kupita kumayiko a Schengen ku Ulaya amalipira mayuro 90 pongopempha visa, mtengo umene unayamba mu Juni 2024, ndipo akamukana ndalamayo sibwerera. Kulakalaka kukaona mayiko amenewa si tchimo. Chimene ndikutsutsa ndi kudikira ulendo umenewo moyo wonse ngati kuti palibe wina.

Zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Amayi anga anabadwira kufupi ndi Mitundu, akhala moyo wawo wonse m'boma la Lilongwe, adya usipa ndi utaka wouma kuyambira ali mtsikana, koma anafika zaka 67 asanaione nyanja ndi maso. Ndinazindikira mwangozi madzulo ena, pamene mwana wanga ankawawerengera zimene anaphunzira kusukulu zokhudza nyanja ya Malawi, iwo n'kumufunsa ngati n'zoona kuti munthu ukaima m'mbali mwake suona tsidya lina. Ine amene ndinali nditagona ku Salima ndi ku Mangochi kangapo konse pa misonkhano ya kuntchito ndinasowa poika nkhope. Kuchoka mu mzinda uno kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 120, ulendo wa maola awiri kapena atatu. Tinasunga ndalama kwa miyezi isanu, ndipo Lachisanu lina mu Okutobala tinanyamuka anthu asanu, titatenga ufa, mbaula, thumba la makala ndi thobwa la m'chigubu limene amayiwo anaumirira kuti lisatsale.

Titadutsa Kanengo n'kupatukira msewu wa ku Salima, amayi ankangoyang'ana kunja osanena kanthu. Pa Chezi tinagula tomato ndi nthochi, ndipo titayamba kutsetsereka, mphepo yolowera pawindo n'kuyamba kutentha, milambe n'kuyamba kuoneka, anandifunsa ngati tidakali m'Malawi momwemuno. Titafika kugombe anaima nthawi yaitali atagwira m'chiuno. Kenaka anavula mapatapata, anakwinya chitenje mpaka m'mawondo, analowa m'madzi pang'onopang'ono ngati akuopa kuwadzutsa, anatapa ndi dzanja n'kulawa, n'kutembenuka kundiuza kuti, "Mwanawe, alibetu mchere." Usiku titakhala pamchenga, nyali za asodzi a usipa zinandandalikana kutali pamadzi, ndipo iwo anafunsa ngati tauni imeneyo ndi ya ku Mozambique. Mnyamata wina wa komweko anawafotokozera mwaulemu kuti ndi mabwato, kuti usipa umatsata kuwala, ndipo kuti usiku wa mwezi wowala asodzi sapha wambiri. M'mawa mwake tinapita padoko pamene mabwatowo amakocheza. Amayi ogula nsomba anali atafika kale ndi mabeseni awo, akukanganirana mitengo, ndipo usipa wongovuulidwa kumene unali kuyalidwa pa mathandala. Amayi anga anatola kamodzi n'kukayang'anitsitsa pachikhatho. "Ndadya usipa zaka zonsezi," anatero, "koma sindinkadziwa kuti umanyezimira chonchi." Ndalama yonse imene tinagwiritsa ntchito masiku atatuwo inali yochepa poyerekeza ndi mtengo wa foni imene ndinkaonerapo zithunzi za ku Dubai.

Ndatchula za misonkhano, ndipo ndiimepo pang'ono, chifukwa ife a ku likulu tili ndi matenda athuathu. Ambiri mwa ife nyanja timaidziwira pawindo la chipinda cha msonkhano. Timafika Lolemba usiku, timakhala tsiku lonse tikuyang'ana zolembedwa pakhoma, timasainira alawansi, timagona kumalo otchipa kuti alawansiyo itsale, ndipo Lachisanu timagula chambo cham'mbali mwa msewu n'kuchimangirira kutsogolo kwa galimoto. Tikafika kunyumba timati tinali kunyanja, pamene phazi silinakhudze madzi ndipo akazi athu kapena amuna athu ndi ana sanapiteko. Boma lakhala likuletsa kangapo misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo nthawi iliyonse eni mahotela amadandaula kuti zipinda zili mbee. Dandaulo limenelo likuulula kuti malo ambiri ogona alendo anamangidwa poyembekeza ndalama za mabungwe ndi za boma, ndipo mitengo yake inaikidwa poganizira amene salipira za m'thumba mwawo. Banja la mphunzitsi wa ku Kawale silinali m'maganizo a womanga.

Chikhalirecho, munthu wokhala mu Lilongwe ali pamalo abwino kuposa mmene amaganizira. Madzi amene timamwa amachokera m'mapiri a Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe unayambira, koma ndi angati mwa ife anapitako kukayenda m'nkhalango ya misuku ndi mitondo imene ikutha ndi makala amene timaphikira? Ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula amene anakhala kuno Achewa asanafike, pamene zoyera zambiri ndi za makolo athu ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Mwana amene amaloweza za Akafula kuti akhoze mayeso angathe kuima pa Mphunzi n'kuona ndi maso chimene dzanja lawo linasiya. Mukatsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mumakafika ku Mua, mishoni ya m'chaka cha 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao yasungidwa kumeneko mwadongosolo limene simungalipeze kwina. Malo onsewa munthu angathe kunyamuka m'mawa wa Loweruka n'kubwerako Lamulungu madzulo.

Wokhala ndi sabata yathunthu ndiye ali ndi zambiri zoti asankhe. Ku Nkhotakota, nkhalango imene opha nyama mozembera anatsala pang'ono kuipulula inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks litayamba kuiyendetsa mu 2015, ndipo ntchito yosamutsa njovu zochuluka chotero inamveka dziko lonse lapansi. Ku Cape Maclear kuli paki ya m'nyanja imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene anthu a ku Ulaya amatisunga m'magalasi m'nyumba zawo, pamene ife tingathe kusambira pakati pake. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, imanyamuka ku Monkey Bay n'kumaima m'madoko mpaka kumpoto, ndipo imakusiyani pa Likoma, pamene pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903. Kuli Livingstonia pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, pafupi ndi mathithi a Manchewe. Kuli Nyika ndi mbidzi zake pa udzu wosatha, kozizira mwakuti mu Juni madzi amaundana m'mawa. Kuli Mulanje, nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, phiri limene UNESCO inaliika pa mndandanda womwe uja mu 2025. Pali anthu ku London ndi ku Berlin amene amasunga ndalama zaka ziwiri kuti adzagone usiku umodzi pamwamba pa Ilala akuyang'ana nyenyezi. Maloto awo ali kuseri kwa nyumba yathu.

Apa ndikudziwa chimene owerenga ambiri ayankhe, chifukwa anzanga a pa nkhomaliro aja anandiyankha chomwecho: malo amenewa si athu, ndi a azungu, ndipo mitengo yake ndi ya madola. Mawuwa ali ndi choonadi chake ndipo sindingawanyoze. Pa ulendo womwe uja wa ku Salima, tsiku lachiwiri, ndinafuna kuti amayi akamwe tiyi pamalo ena okongola a m'mbali mwa nyanja. Pageti mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi, anaona mapatapata a amayi ndi mpango wawo, n'kutifunsa kuti, "Mukufuna ndani?" Ndisanayankhe, alendo awiri achizungu ovala makabudula, opanda ngakhale nsapato, anadutsa pambali pathu iye akuwagwadira. Ndinamuuza kuti tikufuna tiyi ndipo ndalama tili nayo. Anatilola ndithu, koma tiyiyo sanakome, ndipo amayi anandinong'oneza kuti tizipita tisanawadetsere mipando. Mlondayo sindimuimba mlandu kwambiri, chifukwa anaphunzitsidwa ndi zimene amaona tsiku ndi tsiku, zoti mlendo weniweni ndi wa khungu loyera kapena wofika pa galimoto ya bungwe.

Komabe yankho la chipongwe chotere silingakhale kukhala pakhomo. Malo osungirako nyama zakutchire m'dziko muno amalipiritsa Mmalawi ndalama yolowera yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndipo ambiri sadziwa zimenezi chifukwa sanafunsepo. Pambali pa hotela iliyonse ya madola pamakhala malo ena a anthu wamba, nyumba zobwereka zoti muziphika nokha, malo okhomapo tenti, ndi nyumba za alendo za mipingo. Eni malo odulawo nawonso anaona m'nthawi ya Covid-19, ndege zitasiya kutera, kuti amene anawapulumutsa ndi Amalawi omwe ankawafunsa pageti aja. Choncho ayenera kulemba poyera mitengo ya m'makwacha, kukhala ndi mtengo wa banja m'miyezi imene alendo akunja amachepa, ndi kuphunzitsa antchito awo kuti chitenje si chizindikiro cha umphawi. Boma nalo lili ndi mbali yake, makamaka misewu yopita kumalo ngati Nyika, ndi kuteteza magombe kuti mipanda ya anthu olemera isatsekere anthu njira yopita kumadzi. Koma zimenezi zidzasintha msanga tikamafika pagetipo ambirimbiri, ndalama ili m'manja, kusiyana ndi kudandaula pa Facebook.

Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo tchuthi chabwino chimayamba ndi kudziwa nyengo. Kuyambira mu Meyi mpaka Ogasiti kunyanja kumaomba mwera, mafunde amakula, madzi amazizira, ndipo wokwera sitima kapena bwato m'miyezi imeneyi akonzekere kuchita chizungulire. Nyengo yomweyo ndi yabwino kukwera mapiri chifukwa kulibe mvula, ngakhale kuti usiku wa pa Mulanje umafuna mabulangete awiri ndipo chiperoni chikhoza kuphimba njira mwadzidzidzi, n'chifukwa chake palibe wanzeru amene amakwera popanda womulondolera wa komweko. Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala ndi nthawi yoonera nyama, popeza udzu umakhala utauma ndipo njovu, njati ndi agwape zimasonkhana pamene pali madzi. Mvula ikayamba, misewu ya fumbi imasanduka matope ndipo galimoto yaing'ono imatitimira. Masiku a Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka ndi Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala ndi amene aliyense amathamangira kunyanja, mitengo imakwera, zipinda zimatha, ndipo gombe limadzaza ndi zimkuzamawu. Amene angapemphe tchuthi chake pakati pa sabata, m'mwezi wopanda chikondwerero, amalipira zochepa n'kupeza bata limene analipitira.

Za ndalama sitifunika kuphunzitsidwa ndi munthu wakunja, chifukwa njira zake tili nazo kale. Timadziwa chipereganyu, timadziwa banki m'khonde, ndipo tikafuna kukonza ukwati timapanga komiti miyezi isanu ndi umodzi tsikulo lisanafike, wina wa mayendedwe, wina wa chakudya, wina wosunga chuma. Amayi a Mvano ndi makwaya amabwereka basi yathunthu kupita ku Mzuzu kapena ku Blantyre popanda wina kugulitsa mbuzi. Luso lomwelo lingagwire ntchito pa tchuthi. Mabanja awiri kapena atatu akagwirizana mu Febuluwale kuti adzapita ku Nkhata Bay mu Ogasiti ana atatsekera sukulu, n'kumasonkha kangachepe mwezi uliwonse, mafuta a galimoto amagawana, nyumba amabwereka imodzi, ufa ndi nyemba amanyamula kuchokera kuno, ndipo ndiwo amakagula padoko. Mwezi woipitsitsa kuwononga ndalama pa ulendo ndi Disembala, ngakhale ndi pamene mabanki ambiri a m'khonde amagawana, chifukwa Januwale amabwera ndi fizi, feteleza wobereketsa ndi chimanga chokwera mtengo. Ndipo ulendo wa katapila ndiye ayi ndithu, popeza munthu sangapume pamchenga akudziwa kuti chiwongoladzanja chikukula usiku uliwonse. Powerengera pazikhala ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, monga tayala kuphulika kapena kugona usiku wina wowonjezera sitima ikachedwa, zimene Ilala imachita kawirikawiri moti ndi bwino kufunsa ndondomeko yake sabata yomweyo.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene timaononga ulendo wabwino. Kunyanja kuli udzudzu wambiri kuposa kuno, choncho neti isatsale, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako musachedwe kukamuyezetsa malungo. M'madzi odekha okhala ndi bango ndi nkhono mumakhala likodzo, limene mankhwala ake alipo ndipo ndi bwino kukayezetsa patapita milungu ingapo. Pamene mtsinje ukulowa m'nyanja pamakonda ng'ona ndi mvuu, ndiye funsani eni dera musanalowe, pajatu safunsa anadya phula. Mowa ndi kusambira siziyenderana, ndipo ife a kumtunda, amene tinaphunzirira kusambira m'madambo, timaiderera nyanja. Musatumizenso ndalama ya chipinda pafoni kwa munthu amene mwangomuona pa intaneti musanatsimikize kuti malowo alipodi.

Mwina wina akuwerenga izi mokwiya, n'kumati wolembayu akukamba za tchuthi pamene anthu akugona ndi njala. Ndikuvomereza kuti banja limene likusowa ufa wa lero silingaganize za Likoma, ndipo sindikulankhula ndi iwo. Ndikulankhula ndi ife amene timalandira kanthu pakutha pa mwezi kapena tili ndi kabizinesi, amene timapeza ndalama ya suti yatsopano pa ukwati uliwonse, ya mabando a intaneti, ndi ya Lachisanu lililonse ku Bwandilo. Ndalama ya miyezi itatu ya Lachisanu lotere ndi ulendo wa banja lonse. Ndiponso kwacha imene mwaisiya ku Salima imalowa m'thumba la mayi wogulitsa nsomba, mnyamata wa kabaza, wosema ziboliboli ndi mlimi wa mpunga, pamene dola imene mwakaisiya ku Dubai ndi yomwe dziko likuisowa kuti ligule mankhwala ndi mafuta.

Amene mtima wake uli kunja ndithu, ayambire pafupi, popeza tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pasipoti ya Malawi imalowa m'Zambia ndi m'Tanzania popanda visa. Kuchoka kuno kudzera ku Mchinji ndi pachipata cha Mwami mumafika ku Chipata tsiku lisanapendeke, ndipo kuchokera pamenepo msewu umapita ku Mfuwe, khomo la nkhalango ya South Luangwa imene alendo amaiulukira kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo munthu amakhala ali kunja kwa dziko koma akumva chilankhulo chake. Ngakhale Zanzibar wa pachithunzi uja amafikika ndi pansi: basi mpaka ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kukakwera sitima ya pamtunda ya TAZARA ku Mbeya mpaka ku Dar es Salaam, kenaka boti. Ndi ulendo wotopetsa wa masiku angapo, koma banja limene linayeserapo kukonza wa ku Salima ndi wa ku Nkhata Bay limakhala litadziwa kale kusunga, kulongedza ndi kupirirana panjira.

Kwathu kuno tsopano pamwamba pa kabati pali chitini chakale cha mkaka chimene aliyense amaponyamo kanthu pakutha pa mwezi, ndipo pachivundikiro mwana wanga analembapo kuti Likoma. Amayi anamva kwa mnyamata wa kugombe uja kuti kuli sitima yaikulu imene munthu amagonamo ikuyenda, ndipo kuyambira pamenepo sanasiye kundifunsa. Tagwirizana kuti tidzapite mu Seputembala mwera utaleka. Atagulitsa mtedza wawo chaka chino anabwera ndi ndalama yomanga pa nsonga ya chitenje n'kuiponya m'chitinimo okha, akuti akufuna akaone ngati nyali zija zimaonekanso kuchokera pachilumba.